Chivomezi Sichiimba Ng'oma: Chenjezo kwa a ku Nkhotakota

Anthu ambiri akamva za chivomezi, maganizo awo amathamangira ku Japan kapena ku Chile. Nzoona kuti thanthwe limene likuta dziko lapansi silathunthu ai. Lili ngati mphika wosweka umene mapale ake amakhulana pang'onopang'ono, ndipo zivomezi zambiri zimabadwira m'mphepete mwa mapalewo, monga ku maiko awiriwo. Tsono munthu wa ku Linga kapena ku Dwangwa akhoza kunena kuti ife tili patali, za zivomezi nza eni ake. Maganizo amenewa ndiwo tifuna kuwaunika lero, pakuti muli ngozi m'kati mwake.

Kutali sikupulumutsa

Pa 30 Seputembala 1993, m'bandakucha, chivomezi cha mphamvu ya 6.2 chinagwedeza boma la Latur ku India, dera la pakati pa phale kumene anthu sanali kuopa kanthu. Anafa anthu pafupifupi 10,000, ambiri ataphwanyidwa ali mtulo ndi makoma a miyala yomangira matope. M'zaka za 1811 ndi 1812 zivomezi zitatu zazikulu zinagwa ku New Madrid, m'katikati mwa America. Ngakhale ku Botswana, dziko la nthaka yakale ndi yolimba, kunachita cha 6.5 pa 3 Epulo 2017. Malo otere amakhala chete zaka mazanamazana, ndipo bata limenelo ndilo limagoneka anthu tulo.

Nanga ife tili pati?

Dziko lathu lili kutali ndi malire akale a mapale, koma lili pamene malire atsopano ali kubadwa. Nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kufika mamita 700, yakhala m'chigwa chimene chinachitika pamene nthaka ya Africa inayamba kung'ambika. Kung'ambikako sikunathe. Tsidya lino ndi tsidya la Mozambique zili kutalikirana, koma ndi mamilimita osaposa 3 pa chaka, pamene ku Japan phale la nyanja ya Pacific limayenda masentimita 8 kapena 9. Chifukwa chake mphamvu imaunjikana mochedwa m'ming'alu ya kuno, kotero kuti mng'alu umodzi ukhoza kugona zaka zikwi zingapo usanagwedezeke. Agogo athu sangathe kukumbukira nthawi yotalika chotero, ndipo makina oyezera zivomezi ndi adzulodzulo. Koma umboni ulipo poyera: madzi otentha a pa Chawira, pafupi ndi boma la Nkhotakota, amatumphuka m'ming'alu yomweyo.

Nkhotakota ali pakati pa maboma awiri amene analawa kale. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 chivomezi choposa 6 chinagwa ku Salima. Anafa anthu 9 ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 nthaka ya ku Karonga inagwedezeka kwa masabata angapo, chachikulu chinafika pa 6.0, anafa anthu 4 ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Komatu zimenezi nzapakatikati chabe. Cha ku Rukwa, m'dziko la Tanzania, mu 1910 chinaposa 7. Awerengi athu adziwe kuti nambala ikakwera ndi 1, mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32. Akatswiri a za miyala amati mng'alu wa Bilila-Mtakataka, kumwera kwa Salima, umene utalika makilomita oposa 100, ukhoza kubala chivomezi cha msinkhu umenewo.

Nthaka ya kunyanja ndi makoma athu

Pali zinthu ziwiri zimene zikuza ngozi ya ku Nkhotakota. Choyamba ndi nthaka. Chidikha chochokera ku Chia kufikira ku Bua ndi ku Dwangwa ndi mchenga ndi matope otayidwa ndi mitsinje, ndipo madzi ali pafupi. Nthaka yotere imagwedezeka koposa thanthwe, ndipo nthawi zina imasungunuka ngati phala, maziko nkutitimira. Ku Karonga zinaoneka: pansi panang'ambika, mchenga ndi madzi nkumatuluka.

Chachiwiri ndi mamangidwe. Nyumba ya makolo ya mitengo yomata ndi denga la udzu imapendama, koma kawirikawiri siipha. Lero tapita patsogolo, timanga ndi njerwa zootcha ndi malata, ndipo nkoyenera. Koma khoma lopyapyala la njerwa zomangira dothi, lopanda lamba wa simenti ndi zitsulo amene amisiri amati ring beam, limagwa lonse nthawi imodzi. Mbali yosongoka ya pansi pa denga ndiyo imayamba, ndipo m'kalasi pansi pake ndi pamene pakhala ana.

Ntchito ya yani?

Boma linachita mbali yake. Chitapita cha ku Karonga linatulutsa mu 2010 malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Nthambi ya Geological Survey ku Zomba ili ndi udindo woyang'anira zivomezi. Koma malangizo okhala m'kabati sachirikiza khoma. Amene asaina kuti chipinda cha sukulu chatha bwino ndi wantchito wa khonsolo. Amene aona tsiku ndi tsiku mng'alu wa pakhoma ndi mphunzitsi wamkulu. Iwowa afunse ngati simenti inalowa yokwanira, ngati ngodya zalumikizana, ngati lamba uja alipo, asanalembe dzina lawo papepala. Aphunzitsi aphunzitsenso ana kuti pansi pakagwedezeka abisale pansi pa desiki atagwira mutu, ndipo kukaleka atuluke mwadongosolo kunka poyera, kutali ndi makoma.

Palibe katswiri pa dziko lonse amene angatchule tsiku la chivomezi. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Matumba ochepa a simenti oonjezera pa sukulu imene ili kumangidwa chaka chino ndiwo angadzabweze ana amoyo kwa makolo awo. Tiwapempha tsono a khonsolo ya Nkhotakota, mafumu ndi makomiti a sukulu kuti ayambe kuyendera nyumba za Boma zimene zilipo kale, kuyambira masukulu ndi zipatala za m'mphepete mwa nyanja.