Wyoming: Kumene ng'ombe zachuluka kuposa anthu

Tikamakamba za America, ambirife timaona nyumba zosanjikizana za ku New York kapena magalimoto a ku Los Angeles. Sabata ino tiyeni tipatuke pang'ono, tikaone chigawo china chimene sichimveka kawirikawiri: Wyoming, kumapiri a Rocky.

Tiyambe ndi kukula kwake. Wyoming ndi makilomita pafupifupi 253,000 mbali zonse, kutanthauza kuti Malawi angalowemo kawiri malo n'kutsalako. Koma kalembera wa 2020 adapezako anthu 576,851 basi. Mzinda wa Lilongwe wokha uli ndi anthu ambiri kuposa pamenepo. Likulu lawo, Cheyenne, lili ndi anthu pafupifupi 65,000. Ng'ombe ndiye zimapitirira miliyoni imodzi.

Nanga anthu adathawa chiyani? Nyengo, abale. Dera lonseli lili pamwamba, pafupifupi mamita 2,000, ngati kumtunda kwa Nyika. Nsonga yayitali kwambiri, Gannett Peak, imapitirira mamita 4,200, pomwe Sapitwa wathu ndi 3,002. Mvula ndi yochepa, mphepo ndi yamkuntho, ndipo nthawi yozizira chipale chofewa chimatseka misewu. Ulimi wa mbewu umadalira kuthirira, n'chifukwa chake ambiri adangosankha ziweto.

Eni nthaka anali mitundu monga Shoshone, Arapaho, Crow, Lakota ndi Cheyenne. Azungu poyamba ankangodutsa pa ngolo popita kumadzulo. Zinthu zidasintha njanji ya Union Pacific itafika mu 1867, matauni n'kuyamba kumera m'mbali mwake. Eni nthaka aja adalandidwa malo, ndipo lero a Shoshone ndi a Arapaho ali pa malo amodzi otchedwa Wind River.

Pali mbiri ina yomwe atsikana muyenera kuidziwa. Mu 1869, Wyoming idapereka ufulu woponya voti kwa amayi, zaka zoposa 50 America yonse isanatero. Mu 1870 Esther Hobart Morris adakhala mayi woyamba m'dzikolo kusankhidwa kuweruza milandu, ndipo mu 1925 Nellie Tayloe Ross adakhala mayi woyamba kulamulira chigawo. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1890, Wyoming idalandiridwa kukhala chigawo cha nambala 44. Yellowstone, yemwe mbali yake yayikulu ili konkuno, adakhazikitsidwa mu 1872 ndipo ndi paki yoyamba ya dziko la America. Alendo mamiliyoni amapitako chaka chilichonse kukaona njati, zimbalangondo ndi akasupe otumphukira m'mwamba.

Koma ndalama zenizeni zili pansi pa nthaka. Pafupifupi matani 4 mwa 10 aliwonse a malasha a ku America amakumbidwa ku Wyoming, makamaka ku Powder River Basin. Kulinso mafuta, gasi, yureniyamu ndi mwala wa trona wopangira magalasi ndi soda. Misonkho ya migodi ndi yomwe imachititsa kuti boma la chigawochi lisadule msonkho pa malipiro a anthu ake.

Tsono apa ndi pamene padandigwira mtima. Mu 1974, mu ulamuliro wa Stanley Hathaway, adakhazikitsa thumba lotchedwa Permanent Mineral Trust Fund. Gawo la msonkho wa migodi limalowa m'menemo, ndipo malamulo salola kudya mpamba wake. Boma limangogwiritsa ntchito phindu lomwe ndalamazo zabereka. Pambuyo pake adayambitsanso thandizo la fizi lotchedwa ndi dzina la Hathaway, la ana a m'chigawochi opita ku koleji. Adadziwa kuti mgodi umatha.

Ndipo zayamba kuoneka. Malasha adafika pachimake mu 2008, kenako adatsika pafupifupi ndi theka chifukwa makampani a magetsi akutembenukira ku gasi, mphepo ndi dzuwa. Ntchito zambiri zatha, ndipo achinyamata ochuluka akamaliza sukulu amasamukira ku zigawo zina monga Colorado. Ku tauni ya Kemmerer, kampani ya TerraPower ya Bill Gates idayamba mu 2024 kumanga malo opangira magetsi a nyukiliya pafupi ndi siteshoni yakale ya malasha. Thumba lija silidatseke mabala onse, koma lawapatsa popumira pamene akufunafuna njira ina.

Ife nkhani yotere si yachilendo. Mgodi wa Kayelekera udaima kwa zaka zingapo kuyambira 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa. Panopa tikumva za Kasiya ndi Kangankunde, ndipo m'magulu a WhatsApp funso limakhala lakuti, "Ayamba liti kulemba ntchito?" Funsolo n'lomveka, tonse tikusaka. Koma phungu wanu akadzabwera kumsonkhano, kamufunseninso lina: pa ndalama iliyonse yotuluka m'nthaka imeneyi, ndi zingati zikusungidwa, zili m'thumba liti, ndipo ndi lamulo liti likuletsa munthu kuzigwira?