Madzi, mpweya ndi dzuwa nazonso tiitanitse kunja?

Ndiye komiti yoona za kafukufuku yabweza pempho la mtsikana wathu wina wa kemisitiri. Mlandu wake? Ankafuna kufufuza zopanga hydrogen peroxide ndi kuwala kwa dzuwa. Akuluakuluwo akuti zimenezi nzamasewera a azungu, ife tikufuna kafukufuku wogwirika.

Wogwirika! Mankhwala amenewa ndi aja amachita thovu mukawathira pabala. Amayeretsa nsalu ndi mapepala, amapha tizilombo m'madzi, ndipo akamaliza ntchito amasanduka madzi ndi okosijeni basi. Kabotolo kake timagula kufamase ndi ndalama yakunja yomwe mukulira tsiku ndi tsiku kuti kulibe.

Mafakitale akunja amawapanga ndi njira ya anthraquinone, imene Riedl ndi Pfleiderer anakonza ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Imafuna gasi wa hayidirojeni ndi chitsulo chodula cha palladium. Akatero amawasiya amphamvu mpaka 70 peresenti, oti akhoza kuwaula khungu, n'kuwakweza sitima ndi mathankala, kuti akafika kuno athiridwe madzi afike pa 3 peresenti. Mwamva? Timalipira ulendo wonsewo kuti tidzathire madzi!

Mtsikanayu amafuna madzi, mpweya ndi dzuwa. Chachinayi ndi ufa wa kaboni wodzaza timabowo ngati chisa cha njuchi, wa mtundu wa ma COF amene gulu la Omar Yaghi linaulutsa mu 2005. Dzuwa likauomba, maelekitironi amadzambatuka, awiriawiri n'kukagwira okosijeni. Luso lagona pakamangidwe: kabowo kakule bwanji kuti madzi ndi mpweya zilowe, ndipo mbali yopereka elekitironi italikirane motani ndi yolandira kuti isabwerere komwe yachokera. Mu 2019 gulu la Yasuhiro Shiraishi ku Osaka linachita zomwezi ndi utomoni wamba wa resorcinol ndi formaldehyde, womwe amapangira guluu, n'kukolola pafupifupi 0.5 peresenti ya mphamvu ya dzuwa.

Apa ndiye anzeru athu aja amagwa nako kuseka. Theka la peresenti! Inde bwana, nzochepa. Nanga inu mwakolola zingati? Dzuwa limakuwaulani padazi chaka chonse, phindu lake n'kuumitsa zovala ndi usipa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, koma inu mukufuna fakitale igwe kumwamba yothaitha, kuti mukangodula riboni ndi kulandira alawansi.

Ena akuti tidikire anzathu amalize, tidzagule. Kugula! Ndi matenda omwe aja. Lero tikugula botolo, mawa tidzagula ufa, mkuja tidzagula katswiri wodzatiuza kuti kwathu kuno kumawala dzuwa.

Madzi tili nawo, mpweya tili nawo, dzuwa ndiye losakamba. Mtsikana wodziwa ntchito tinali naye. Akadzapita ku Osaka musadzatitopetse ndi misonkhano yakunyanja yofunsana chifukwa chake ophunzira athu akuthawa.