Fisi Wobvala Suti

Nthano za makolo zinali ndi mwambo wace: fisi akaba mbuzi, nthano siinali kutha iye asanacititsidwe manyazi. Ana anali kukagona akumseka, ndipo panalibe mwana wodzuka m'mawa nanena kuti akakula adzakhala fisi. Masiku ano nthano zambiri zimadza m'akanema ocokera ku America, ndipo zina mwa izo zabveka fisi suti ndi kumuika pa mpando wa mfumu. Amenewa ndiwo akanema osimba za msika wa masheya wa ku New York, umene uchedwa Wall Street.

Sheya ndi kagawo ka kampani. Wogula sheya amakhala mmodzi wa eni ace a kampaniyo, nalandirako phindu kampani ikapindula. M'malonda amenewa mulibe coipa, ndipo Lusaka yemwe ali ndi msika wace wa masheya kuyambira 1994. Coipa ciri m'maphunziro amene akanemawa apatsa mnyamata kapena mtsikana wotsiriza kumene sukulu, amene m'thumba mwace mulibe kanthu koma setifiketi.

M'caka ca 1987 Oliver Stone anapanga kanema wochedwa Wall Street, colinga cace ciri kudzudzula umbombo. M'menemo Gordon Gekko alemera pakuba zinsinsi za makampani, ndipo aimirira pamaso pa anthu kulalikira kuti umbombo ndi cinthu cabwino. Mulinso nkhalamba ina yoona mtima, makaniko wa ndege, amene mwana wace aulula kwa Gekko cinsinsi ca kampani imene atate ace agwirako nchito. Nanga oonerera anakumbukira yani? Za makanikoyo anaiwala. Michael Douglas, amene anasewera ngati Gekko, analandira mphotho ya Oscar, ndipo wakhala akusimba kuti anthu ambiri anamuuza kuti analowa nchito ya masheya cifukwa cosirira Gekko. M'caka ca 2012 Douglas yemweyo anaonekera m'cilengezo ca apolisi a FBI kucenjeza anthu kuti asatsanzire munthu amene iye anamkometsa. Mankhwala anasanduka matenda.

Woipa koposa ndi The Wolf of Wall Street, amene Martin Scorsese anatulutsa mu 2013, pakuti uyu asimba za munthu weniweni, Jordan Belfort. Macenjera a kampani yace, Stratton Oakmont, anali otere: anali kugula mobisa masheya ochipa, natuma anyamata ambiri kuimbira anthu lamya ndi kuwanyengerera kuti agule masheya omwewo. Ogula akacuruka, mtengo unali kukwera. Pamenepo Belfort ndi anzace anali kugulitsa ao onse, mtengo nugwa, ndipo onyengedwawo anali kutsala ndi mapepala opanda pace. Kampaniyo inatsekedwa mu 1996. Belfort anabvomera mlandu mu 1999, anakhala m'ndende miyezi 22, ndipo khoti linamlamula kubweza madola 110 miliyoni kwa anthu oposa 1,500.

Kanemayo atenga maola atatu. M'maola amenewo woonerera aona magalimoto, ngalawa, mowa, akazi ndi ndalama zomwazidwa ngati mankhusu. Anthu oberedwa aja saoneka nkhope zao. Amveka mau okha pa lamya, ngati zitsiru zoyenera kusekedwa, cinkana ambiri a iwo anali eni timalonda tating'ono amene anasonkhanitsa ndalama zao ndi thukuta. Ndende ioneka kanthawi kocepa, ndipo m'menemo mkaidiyo asewera mpira wa tenisi. Potsiriza pace Belfort weniweniyo apatsidwa malo m'kanema momwemo, kuti naye aoneke. Kodi wakuba anayamba walandirapo ulemu woposa umenewu?

Oteteza akanemawa amati kanema si ulaliki, ndi kuti woonerera ali ndi nzeru zace zosiyanitsira cabwino ndi coipa. Amatinso m'nthano momwemo kalulu amapambana ndi mabodza, ndipo ana amamkonda. Koma kalulu anyenga njobvu ndi mkango, amene ali ndi mphamvu zomposa. Sanyenga mbewa kuti aidyere mbeu zace. Ndiponso wopanga kanema ndiye asankha kumene maso a anthu adzayang'ana. Akaonetsa phwando kwa maola atatu ndi cilango kwa mphindi zowerengeka, waphunzitsa kale, angakhale akane kuti si mphunzitsi.

Njira ina iripo, ndipo ena anaitsata. Kanema wochedwa 99 Homes, wa 2014, aonetsa banja likuturutsidwa m'nyumba, katundu wao ali pa bwalo. The Big Short, wa 2015, wosimba za kugwa kwa cuma mu 2008, aima pang'ono pa khomo la bambo wina amene analipira lendi mokhulupirika, osadziwa kuti mwini nyumba analeka kubweza ngongole. Pamenepo woonerera azindikira kuti manambala othamanga pa msika paja ali ndi anthu kumbuyo kwace. Scorsese, katswiri wamkuru cotere, akadafuna akadacita cimodzimodzi.

Cifukwa cace wotsiriza sukulu ayenera kuonerera akanemawa ali ndi funso limodzi m'mtima: mwini mbuzi ali kuti? Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Phindu loona la masheya limadza pang'onopang'ono, pa zaka zambiri, kucokera ku nchito imene kampani igwira, ndipo limatha kulephera ngati munda m'caka ca cirala. Aliyense wolonjeza kuti ndalama zidzabala kawiri pa mwezi umodzi waphunzira kwa Belfort. Ndipo wacinyamata amene aturuka m'kanema akudziyesa fisi adziwe kuti, tsiku limene lamya yotere idzalira, iye ndiye adzakhala mbuzi.