KHASU NDI MPINI WACE: ZA KUGULA PUROSESA KU JONI

Sabata yino ndifuna kukuuzani za ndarama zanga zimene zinalowa m'madzi, kuti zanu zisalondole njira yomweyo.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali pa sukulu ku Lilongwe, anandilembera kuti kompyuta imene ndinamgulira kale yakalamba. Anati, "Amalume, Windows 11 iri kukana kulowa." Mnyamatayo sananame. A Microsoft analeka kusamala Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ifuna purosesa ya Intel ya mbadwo wa 8 kumka m'tsogolo, kapena ya AMD kuyambira Ryzen 2000. Yace inali ya mbadwo wa 4. Tsono mnzanga wina wocokera ku chuti anabwera nayo pa basi mpaka ku Park Station, kuti ndiikonze kuno kumene zipangizo ziri zambiri.

Loweruka ndinalowa m'tauni, ndipo m'kasitoro kena ndinaona purosesa ya AMD yochipa. Mwini sitoro anati, "Iyi ndi yamphamvu, bambo, tengani." Ine, wokondwa ndi mtengo, ndinalipira osafunsa kanthu. Pofika kunyumba ndinatsegula kompyuta ija, koma purosesa inakana kukhala pamalo pace. Ndinaikankha ndi cala, monga ticitira ndi cibowo couma, ndipo timano tace tamkuwa tinapindika. Lolemba ndinabwerera nayo, koma munthu uja anangoyang'ana timanoto napukusa mutu. Ndinali nditagula khasu osayamba ndaona mpini.

Imvani tsono cimene ndinaphunzira ndi ndarama zimenezo. Purosesa ndiyo imene iwerengera ndi kulamula zonse m'kompyuta. Ikhala pa bolodi lalikulu limene a m'masitoro alichula motherboard, m'kampando kace kochedwa soketi. Soketi iri yonse iri ndi dzina. AM4 ndi ya AMD, inaturuka 2016. AM5 inadza 2022. LGA1700 ndi ya Intel, ya 2021, ndipo ilandira mibadwo ya 12, 13 ndi 14. Purosesa ya AM4 silowa mu AM5 ngakhale zonse ziri za nyumba imodzi, ndipo ya AMD singakhale konse pa bolodi la Intel, monga linali la mphwanga lija. Dzina la soketi lalembedwa pa bokosi la purosesa ndi pa bokosi la bolodi. Maina awiriwo akasiyana, bwezani cikwama m'thumba.

Pali cacitatu cimene ambiri aiwala, ndico RAM. Bolodi latsopano kawirikawiri likana RAM yakale. Kompyuta ija inali ndi DDR3. AM4 ifuna DDR4. AM5 ifuna DDR5 yokha. Mabolodi a LGA1700 alipo a mitundu iwiri, ena a DDR4 ena a DDR5, cifukwa cace werengani bwino. Munthu amene aganiza kuti agula cinthu cimodzi apeza kuti ayenera kugula zitatu, ndipo mtengo wa RAM unakwera koopsa kumapeto kwa 2025. Funsani mtengo wa zitatu pamodzi musanatulutse ngakhale randi imodzi.

Ulendo waciwiri ndinapita ndi pepala m'manja. Ndinasankha Ryzen 5 5600G, ya caka ca 2021, bolodi la A520, ndi RAM ya DDR4 ya 16GB. Cilembo G cija musacipeputse. Citanthauza kuti purosesa iri ndi mphamvu yoonetsa zithunzi mkati mwace. Ryzen 5 5600 yopanda G, kapena ya Intel yokhala ndi F kumapeto, siionetsa kanthu pa sikirini kufikira mutagulanso khadi lina la zithunzi, ndipo khadilo lingadye ndarama zoposa zimene munapulumutsa.

Ndidziwa kuti anyamata a masiku ano adzati, "Madala, AM4 ndi ya makedzana, gulani AM5." Zoona, AM5 idzakhala nthawi yaitali. Koma mphwanga alemba makalata a sukulu ndi kuwerenga pa intaneti, sayendetsa ndege. Ndiponso kumudzi adikira ndarama za feteleza, ndipo ine malipiro ndilandira kamodzi pa mwezi monga inu.

Amene afuna bolodi logwirapo kale nchito, monga B450 ya 2018, acenjere. Bolodi lotere lingafune BIOS yatsopano lisanazindikire Ryzen 5000, ngakhale soketi iri yomweyo. Uzani wogulitsa aike zonse pamodzi, ayatse inu muli pomwepo, muone ndi maso anu. Akakana, masitoro ku Joni sali amodzi. Ndipo risiti muisunge monga musunga pasipoti. Lamulo la dziko lino la Consumer Protection Act la 2008 lilola kubweza katundu woonongeka wa m'sitoro pasanathe miyezi 6. Koma silimenyera nkhondo munthu amene anapinda timano ndi cala cace, monga ndinacita ine.

Kompyuta ija tsopano iri kuyenda, ndipo Windows 11 inalowa osabvuta. Kanthu kamodzi ndinatsala pang'ono kuiwala pomanga katundu: pulagi ya kuno iri ndi mano ozungulira, pamene ya kwathu ku Malawi iri ndi mano a ngodya. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, koma cingwe ndinagula cina. Ndakulunga zonse m'bulangeti, ndipo ndifuna munthu wokhulupirika wopita ku Lilongwe mwezi uno amene katundu wace sanacuruke.