Fungo lokoma si mankhwala a BP

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, lero ndalemba nditakwiya.

Sabata yatha anzathu ena anatulutsa kabotolo ka mafuta a geranium mu staff room. Akuti asiya kumwa mapiritsi a BP chifukwa wogulitsa anawauza kuti kununkhiza kokha n'kokwanira. Wogulitsayo ndani? Mwana amene ndinam'phunzitsa Biology ine ndemwe ku Form 3!

Mafutawa sindidana nawo ayi. Amachokera m'masamba a Pelargonium graveolens, chomera cha kuno kum'mwera kwa Africa, ngakhale ambiri amapangidwa ku Egypt ndi ku China. Amawatcheza ndi nthunzi, pafupifupi ngati kachasu. Muli citronellol ndi geraniol, n'chifukwa chake amanunkhira ngati rozi. Ine ndikatopa ndi kuchonga mapepala, fungo lake limandikhazikadi mtima pansi. Madontho awiri m'kasupuni ka mafuta odzola, basi. Osasakaniza amatha kuyabwa pakhungu, ndipo si akumwa.

Koma kuchiza BP? Shuga? Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. BP imagwetsa munthu mwakachetechete, akununkhira bwinobwino.

Anzathuwo ndinawaperekeza kuchipatala Lachisanu, ayambiranso mapiritsi. Iwe wogulitsawe ukudzidziwa. Ubwere kusukulu tidzakambirane.