Timu ya dziko imayambira ku nazale

Mphunzitsi wa timu ya dziko akangotulutsa mayina a osewera, Amalawi tonse timasanduka makochi. Kwerani minibasi ya ku Area 25, khalani pa benchi ya telala mumsika wa Lilongwe, kapena dutsani pa gulu la ophunzira a ku Bunda, nkhani yake mupeza ndi imodzi: uyu amutengeranji, uja amusiyiranji, mwana uyu ngosakhwima, mdala uja anatha kale. Masiku ano mkanganowu sukuthera pa Flames pokha ayi. Abale athu obwera ku Joni anatipatsira matenda ena, rugby, mpira wonga dzira uja. Mupeza mnyamata wa kaunjika, jezi yobiriwira ili pathupi, akulimbana ndi mnzake ngati Sacha Feinberg-Mngomezulu, mwana wobadwa mu 2002, wakwana kulanda nambala 10 kwa Handré Pollard, amene anamenya yekha mapointi onse 12 pamene South Africa inagonjetsa New Zealand 12-11 mu fainolo ya 2023.

Ine mkangano wotere ndimaukonda, chifukwa masewero opanda otsutsana ali ngati ndiwo zopanda mchere. Vuto langa ndi loti timayamba kukangana mochedwa, zinthu zitapsa kale. Mlimi wa fodya wa ku Chiwamba, Nsaru kapena Kabudula akhoza kutiphunzitsa pamenepa. Belo ikafika pa okushoni ku Kanengo, wogula amangosolola tsamba, kuliyang'ana kamphindi, n'kutchula mtengo. Mlimi akhoza kulira kuti amubera, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma iye mwini amadziwa kuti tsambalo linayamba kupangidwa miyezi yambiri m'mbuyomo, ku nazale, pamene ankathirira mbande m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Kochi wa timu ya dziko ndi wogula wa pa okushoni chabe. Amasankha mwa zimene zafika pamaso pake. Funso lenileni ndi lakuti: ndani amene amafika pamaso pakepo, ndipo amadzera njira iti?

Tiyeni tione kwa eni ake a rugby. Pamene South Africa inatenga chikho cha dziko lonse mu 1995, Nelson Mandela atavala jezi nambala 6 pa Ellis Park, mu timu yonseyo munali munthu mmodzi yekha wosakhala mzungu, Chester Williams. Sikuti anthu akuda sankadziwa kuthamanga ndi mpira. Ku Eastern Cape akhala akusewera rugby kwa zaka zoposa 100. Koma njira yopita ku timu ya dziko inkadzera m'sukulu zochepa za anthu olemera, kenako ku mpikisano wa ana a sukulu wotchedwa Craven Week umene unayamba mu 1964. Amene sanaponde m'sukuluzo, osankha sankamuona n'komwe.

Siya Kolisi, amene mu 2018 anakhala kaputeni woyamba wakuda wa timuyi, n'kunyamula chikho mu 2019 ndi 2023, anakulira ku Zwide m'manja mwa agogo ake, m'nyumba imene chakudya chinali cha apo ndi apo. Ali ndi zaka 12 anakasewera pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, anthu ena anamuona, ndipo anamupezera malo aulere pa sukulu ya Grey. Tsiku limodzi limenelo ndi limene linasintha zonse. Akanadwala malungo sabata imeneyo, kapena galimoto ikanafera pa njira, bwenzi lero tikutchula dzina lina.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya Makazole Mapimpi. Ameneyu ndi wa kumudzi weniweni, ku Tsholomnqa, ndipo sukulu yake sinali ya mbiri iliyonse pa rugby. Palibe amene anamupatsa malo aulere kulikonse. Anavutika m'matimu ang'onoang'ono a ku Border mpaka anadziwika ali ku Southern Kings mu 2017, ndipo jezi ya dziko anaivala koyamba mu 2018 ali ndi zaka 27, msinkhu umene ife kuno timati munthu wayamba kutha. Chaka chotsatira ku Yokohama, pamene anakwapula England 32-12, Mapimpi ndiye anakhala munthu woyamba wa dzikolo kugoneka mpira kuseri kwa mzere wa adani mu fainolo ya chikho cha dziko lonse. Tsono tadzifunsani: ngati dziko la ndalama ngati South Africa linatsala pang'ono kumutaya munthu wotere, nanga ife tataya angati pakati pa Chiwamba ndi Namitete?

Tisanamizane, rugby kuno kwathu ikadali mwana wakhanda. Kwa zaka zambiri yakhala masewero a m'makalabu a m'tauni ndi m'sukulu zolipira ndalama zankhaninkhani, ngakhale mabungwe ngati Bhubesi Pride ayesetsa kuifikitsa kwa ana a m'midzi yozungulira Lilongwe. Koma matenda amene ndikunenawa sasankha mtundu wa mpira. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo Temwa anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Mwawi Kumwenda, amene anaposa anzake onse pa chikho cha dziko lonse cha mpira wa manja mu 2015, ndi wa ku Mzimba. Timawanyadira, inde, koma tinene zoona: ndi ndondomeko yanji ya dziko imene inakawatola kumudziko? Ambiri mwa akatswiri athu anatulukira chifukwa cha khama lawo ndi maso a munthu mmodzi wachifundo. Dziko silingamadalire mwayi ngati wotchova juga.

Taganizirani mnyamata wa zaka 14 wa ku Chiwamba. Amanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 osapumira, amapalasa njinga yodzaza makala kapena tomato mpaka m'tauni, ndipo pothamangitsa mbuzi palibe womupeza. Mapewa amenewo ndi amene makochi a rugby amawasakasaka. Kuchoka kwawo kufika pa Bingu National Stadium si ulendo wa tsiku lonse, koma kwa iyeyo bwalolo lili kutali ngati Paris. Pa sukulu yake mpira ndi umodzi, mwina wachikulunga. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 sangaganizenso za masewero. Phunziro lolimbitsa thupi linasanduka nthawi yosesa pabwalo. Mpikisano waukulu umene mnyamatayu amauona ndi bonanza ya andale, imene imabwera ndi kampeni n'kupitanso ndi kampeni, monga tinaonera chisankho cha 2025 chisanachitike.

Palinso nkhani ya m'mbale. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Mwana amene anapinimbira ali wakhanda ndiye kuti kochi wina wosaoneka, dzina lake njala, anamuchotsa kale pa mndandanda asanaugwire n'komwe mpira. N'chifukwa chake ine ndimati phala la m'sukulu, limene a Mary's Meals anayamba kugawa kuno mu 2002, lachitira masewero athu zabwino kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela ya akuluakulu a zamasewero.

Ndiye pali bodza la zaka, limene ife ochemerera timalidziwa koma timangotsinzina. Bambo wa ndevu zometa m'mawa uno amalowa mu timu ya ana osapitirira zaka 17, n'kumagwetsa tiana ngati mapesi, ife m'manja wawawa kuti tapeza katswiri. Pakatha zaka 3 katswiri uja wafwifwa, ndipo mwana weniweni amene anamulanda malo anasiya kale mpira, ali pa kabaza. Tisaiwale kuti timu yathu ya achisodzera inapita ku chikho cha dziko lonse ku Nigeria mu 2009 chifukwa choti Niger inachotsedwa pa mlandu womwewu. Pa rugby bodzali ndi loopsa koposa, pakuti munthu wa zaka 22 akagunda mwana wa zaka 15, nkhani yake imathera ku chipatala. Popeza zitupa za unzika zinabwera mu 2017 ndipo ana akulembedwa pobadwa, palibenso chifukwa chomayezera msinkhu ndi maso.

Wina anena kuti, akulu inu, anthu akusowa feteleza ndi mafuta a galimoto, inu mukutiuza za mpira wa dzira? Funsoli ndi lomveka. Koma taonani anansi athu a ku Zimbabwe. Mavuto a chuma amene adutsamo tonse tikuwadziwa, koma rugby ya m'sukulu ngati Prince Edward, Churchill ndi Peterhouse sanaisiye kufa. M'menemo ndi momwe munatuluka Tendai Mtawarira, amene anasewerera South Africa magemu 117. Ndipo mu 2025 ku Kampala, timu ya Zimbabwe inagonjetsa Namibia 30-28 n'kudzigulira malo ku chikho cha dziko lonse cha 2027 ku Australia, koyamba chichokereni 1991. Nazale anaisamala ngakhale pa chilala.

Zofunika kuchita si za mabiliyoni. Sukulu za pulayimale zili kale m'mazoni, zoni iliyonse ndi mlangizi wake. Mpikisano wa zoni ndi zoni, chaka ndi chaka, pa tsiku lodziwika, wokhala ndi kaundula wa mayina ndi zaka zenizeni za ana, ungapatse osankha malo oti akaoneko. Rugby ya ana, yongogwirana nsalu ya m'chiuno popanda kugwetsana, imangofuna mpira umodzi ndi bwalo la fumbi, ndipo atsikana amasewera nawo bwinobwino. Inu amalonda amene mumapikula nyemba, mtedza ndi soya m'misika ya Nsaru, Nambuma ndi Mpingu, mtengo wa mipira iwiri ndi kachikho simungaumve kuwawa, ndipo dzina la sitolo yanu lidzatchulidwa kumeneko chaka chonse. Inu ophunzira a m'makoleji, tchuthi chikafika musamangokhalira kutsutsana za Pollard pa foni. Pitani pa sukulu imene munaphunzira mukaimbire ana wezulo. Ndipo a mabungwe a zamasewero atuluke mu Lilongwe ndi Blantyre, fumbi la kumudzi silipha.

Kwa ife ochemerera, tiphunzire kuugwira mtima. Mwana akalakwitsa gemu imodzi timamutukwana mpaka makolo ake, kuiwala kuti mbande ikangookedwa imayamba yafota isanagwire nthaka. Rassie Erasmus amatenga anyamata n'kumawalowetsa pang'onopang'ono pakati pa akuluakulu. Canan Moodie anamuyesa koyamba timu ya dzikolo ali ndi zaka 19 mu 2022, ndipo timu yawo ya osapitirira zaka 20 inatenga chikho cha dziko lonse mu 2025. Kumeneko kochi amadwala mutu chifukwa chochuluka osankhapo. Kuno amadwala mutu chifukwa ayenera kubwereza mayina omwe aja.

Choncho mndandanda wina ukadzatuluka, kanganani ndithu, ndi ufulu wanu. Koma mukatha kufunsa chifukwa chimene kochi wasiyira wakutiwakuti, mudzafunsenso kuti ndi liti pamene munthu wonyamula kope ndi cholembera anaimapo m'mbali mwa bwalo la sukulu ku Chiwamba. M'mera mpoyamba.