Kodi Mlendo Auzidwe ndi Yani?

Kuno kwa Mwase, m'zidikha za fodya za ku Kasungu, tikudziŵa chimene chimachitika pamene lamulo lalembedwa koma mwini wake sadauzidwe. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti, ntchito ija yakuti banja lilime fodya chaka chathunthu likudya chimanga cha ngongole, malipiro nkumadikira mpaka mabelo atagulidwa ku okushoni. Lamulolo lidalembedwa m'Chingerezi. Kodi ndani adapita ku zigafa kukalimasulira kwa bambo wochokera ku Mulanje kapena ku Phalombe? Tsono ngati Mmalaŵi mnzathu, wolankhula chinenero chathu, angathe kukhala mumdima wotere, nanga bwanji mlendo wothaŵa nkhondo ku Congo kapena ku Burundi?

Ichi ndicho chifukwa chake tikuti ophunzira zamalamulo, a ku Zomba ndi a ku Nguludi omwe, azidzipereka pa tchuthi kukafotokozera alendo ndi othaŵa kwawo zimene lamulo likunena. Si chinthu chachilendo ayi. Kuyambira m'chaka cha 2000 anthu osakhala maloya, a bungwe la Paralegal Advisory Service, akhala akuloŵa m'ndende zathu kukauza akaidi za belo ndi za kayendedwe ka milandu, ndipo thambo silidagwe.

Tamva ena, ngakhale pabwalo la tchalitchi Misa itatha, akuti kuphunzitsa mlendo lamulo ndiko kumnolera mpeni. Akuti anthu ameneŵa adatilanda misika, ndipo malo awo ndi ku Dzaleka basi. Abale, tiyankhe mosapsatira. Nzoona kuti Boma lathu, polandira pangano la maiko la 1951 lonena za othaŵa kwawo, lidakana kudzimanga pa mfundo zina, monga ufulu wosankha pokhala ndi wolembedwa ntchito. Wophunzira woona mtima adzamuuza mlendoyo zimenezi, ngakhale nzoŵaŵa. Koma adzamuuzanso kuti gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limateteza munthu aliyense womangidwa, mbadwa kapena mlendo: auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene akumva, ndipo akaonekere ku bwalo la milandu pasanathe maola 48. Kodi mpeni uli pati pamenepa? Amene amadyerera pa umbuli wa mlendo si dziko la Malaŵi ayi, koma mkhalapakati uja wolonjeza mapepala abodza, ndi aliyense wotambasula dzanja kuti apatsidwe kangachepe.

Tikumbukire mwezi wa May 1923 ayi, wa May 2023, dzulodzuloli. Apolisi ndi asilikali adasonkhanitsa alendo mazanamazana mu Lilongwe, amayi ndi ana omwe, naŵasunga ku ndende ya Maula asanaŵatumize ku Dzaleka. Ena adasiya masitolo otseka ndi katundu m'katimo, ena adasiya mabanja amene adamanga ndi Amalaŵi. Angati mwa iwo ankadziŵa kokadandaula za katundu wawoyo? Malo a Dzaleka, amene kale adali ndende ya andale m'nthaŵi ya Dr Kamuzu Banda, adatsekulidwa kwa othaŵa kwawo mu 1994 kuti asunge anthu ngati 10,000; pofika 2023 adali atapitirira 50,000. A bungwe la Jesuit Refugee Service amaphunzitsa ana kumeneko, ndipo tiwayamike. Komabe sukulu siyankha funso la mayi amene pempho lake loti azindikiridwe ngati wothaŵa kwawo lagona m'faelo zaka zambiri.

Ndipo tisanyade. Ife amene tidalandira abale a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi m'zaka za nkhondo yawo, tilinso ndi ana athu ku Joni. Pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi mnyamata amene adapita pa basi ndi pasipoti ya masiku oŵerengeka. Akagwidwa nakatsekeredwa ku Lindela, mayi wake amalakalaka patapezeka munthu mmodzi wodziŵa lamulo woti alankhule naye. Chimene tikufunira mwana wathu ku Johannesburg tingachimane bwanji mwana wa mnzathu ku Dowa?

Ophunzira nawonso tiŵadzudzule pang'ono. Ambiri maso awo ali pa maofesi a ku Blantyre ndi pa mkanjo wakuda. Palibe choipa pamenepo, koma misonkho ya alimi a fodya idathandiza kumanga makalasi amene akukhalamo. Sitikuti akaimire munthu pa mlandu, poti sadavomerezedwe kutero. Tikuti akhale pansi, amvetsere, afotokoze, ndipo nkhani ikakula aitumize ku Legal Aid Bureau, aphunzitsi awo akuyang'anira.

Kwa ife a m'maparishi ntchito ndi yochepa. Holo ya parishi imakhala yotseka kuyambira Lolemba mpaka Loŵeruka. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere alembe kalata ku masukulu aŵiri aja tchuthi chisanafike. Mabanja a m'miphakati apereke mphasa ndi nsima kwa sabata imodzi, ndipo papezeke womasulira Chiswahili ndi Chifalansa. Tsiku loyamba likhale la alendo, lachiŵiri la a ku zigafa.